Woyera Wachilendo Aoneke Bwanji? Phunziro pa Zojambula za Chibuda ku China

M'tchalitchi cha kwathu ku Kasungu, chomwe chazunguliridwa ndi zigafa za fodya, muli chithunzi cha Yesu wa khungu loyera. Nditawauza agogo anga aakazi kuti ku Mua, pamalo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, amasema Yesu ngati munthu wakuda, iwo adandifunsa kuti, "Nanga ameneyo ndi Yesu yemweyo, mdzukulu wanga?" Ndidasowa choyankha. M'nkhani ino ndikuunika momwe ojambula a ku China, omwenso adalandira chipembedzo chochokera kutali, adachitira ndi funso lotereli.

Chibuda chidayambira ku India ndipo chidafika ku China pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Ku Dunhuang kuli mapanga 492 okhala ndi zithunzi za chipembedzochi. Zakale kwambiri zikuonetsa luso la ku India ndi maiko a pakati pa Asia, koma pofika mu ufumu wa Tang (618-907) nkhope ndi zovala zidayamba kufanana ndi za eni dziko.

Si onse adatsata njirayi. Guanxiu (832-912), mmonke yemwenso adali mlakatuli, adajambula ophunzira a Buddha 16 otchedwa luohan. Adawapatsa mphuno zikuluzikulu, maso olowa m'kati, nsidze zolendewera ndi mitu yamabampu, ndipo akuti ankanena kuti adawaona kutulo. Kwa iye, ulendo wawowo udali mbali ya chiyero chawo. Zithunzizi zimandiopsa, komabe sindifuna kuchotsapo maso.

Nkhani ya Guanyin, woyera wa chifundo, ndiyo imandigwira mtima. Ku India ankatchedwa Avalokiteshvara ndipo adali mwamuna. Ngakhale ku Dunhuang nthawi zina amaoneka ndi tindevu. Kuyambira mu ufumu wa Song (960-1279) maonekedwe ake adanka nasanduka a chizimayi. M'zaka za m'ma 1200 mmonke Muqi adamujambula ndi inki yokha, atafunda nsalu yoyera, atakhala phee pathanthwe. Chithunzichi chimasungidwa kukachisi wa Daitokuji ku Kyoto, m'dziko la Japan. Pofika mu ufumu wa Ming (1368-1644) Guanyin adali mayi weniweni, nthawi zina atanyamula khanda, ndipo amayi ofuna mphatso ya mwana ankapemphera kwa iye. Ndikuona kuti apa wojambula sankalamula yekha. Amayi opempherawo ndiwo adamuumbira nkhope.

Chodabwitsa n'chakuti Chikhristu chitaletsedwa ku Japan mu 1614, Akhristu obisala ankasunga tiziboliboli ta Guanyin wonyamula mwana n'kumatilemekeza ngati Mariya. Pa tchuthi chapitachi ndidawaonetsa agogo chithunzi cha kachiboliboli kotere osawauza kanthu. Adachiyang'anitsitsa, nachita chizindikiro cha mtanda, kenaka adafunsa chifukwa chomwe Amayi Mariya sadavale korona.