Kusankha Hita ya Magetsi ku Kabwe: Mafunso ndi Mayankho

Mwezi wa Juni ukafika, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa itayamba kuulutsa fumbi m'misewu ya ku Bwacha, ku Chowa ndi ku Makululu, munthu wa ku Kabwe, amene tauni yake inamangidwa pamtunda wa mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, amadzuka mbandakucha mano akugwedezeka, nayamba kulingalira zogula hita. Popeza safunsa anadya phula, tasonkhanitsa muno mafunso amene wogula ayenera kudzifunsa asanamasule chikwama chake.

*Kodi ndi hita iti imene imatentha kwambiri koma yosadya mayunitsi ambiri?*

Yotere kulibe, ndipo wogulitsa amene adzakulumbirirani kuti ali nayo, mumuyankhe mwaulemu ndi kupitirira ulendo wanu. Hita iliyonse ya waya wotentha, ikhale yaing'ono ngati mbale kapena yaitali kufika m'chiuno, imasandutsa magetsi onse amene yadya kukhala kutentha, kotero kuti mahita awiri a mawati ofanana amapereka kutentha kofanana, ngakhale imodzi itagulidwa ndi mtengo wa mbuzi, inzakeyo ndi mtengo wa nkhuku. Choyenera kuwerenga ndi nambala ya mawati yolembedwa kumbuyo kapena pansi pake. Yuniti imodzi pa mita ya ZESCO ndiyo mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Chotero hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi 2 pa ola, ndipo ikayaka maola 5 usiku uliwonse, pakutha pa masiku 30 idzakhala itameza mayunitsi 300. Onjezanipo ichi, kuti mtengo wa magetsi a m'nyumba umakwera m'magawo malinga ndi kuchuluka kwa mayunitsi a mwezi umenewo, ndipo mudzaona kuti mayunitsi a hita ndiwo amagwera pa mtengo wowawa.

*Ngati kutentha n'kofanana, kusiyana kwake kuli pati?*

Kuli m'njira imene kutenthako kumakufikirani. Hita ya ndodo zofiira imachita monga dzuwa la m'mawa limene okalamba amaothera pakhonde: imafunditsa munthu amene wayang'anizana nayo pomwepo, koma mpweya wa m'chipinda imausiya wozizira, ndipo wokhala kumbuyo kwake sapindula kanthu. Ya fani imakankha mpweya wotentha ndi kufunditsa chipinda chaching'ono msanga, koma imachita phokoso, ndipo mukangoizimitsa chisanu chimabwerera ngati mlendo amene anangobisala kuseri kwa chitseko. Ya mafuta, ija yolemera ya nthiti zachitsulo ndi timawilo pansi, imachedwa kutentha, mwina mpaka munthu kuyamba kuiderera. Koma ikatentha imasunga kutenthako nthawi ndithu, ilibe waya wofiira woonekera, ndipo mafuta ake ndi otsekeredwa m'kati, sapsa ndipo safuna kuwonjezera. Kwa ife, m'chipinda chogona ana kapena agogo, imeneyi ndiyo yoyenera, makamaka ikakhala ndi thermostat, kachipangizo kamene kamaizimitsa chipinda chikafunda ndi kuiyatsanso chikazizira, pakuti pamenepo ndi pamene mayunitsi amapulumukira.

*Nyumba yanga ndi ya malata, yopanda siling'i. Ndigule iti?*

Apa tinene mosabisa mawu, ngakhale ogulitsa sadzakondwera nafe. Mpweya wotentha umakwera kumwamba, ndipo m'nyumba yopanda siling'i umakafika ku malata, malatawo n'kuupereka kwa usiku; wofuna kufunditsa chipinda chotere ndi hita ya mafuta kapena ya fani afanana ndi wotunga madzi ndi dengu. Funditsani munthu, nyumbayo muileke. Hita ya ndodo zofiira ya mawati 400 mpaka 800, yoikidwa moyang'ana pamene banja lakhala madzulo, idzakuthandizani koposa yaikulu ya mawati 2,000. Ndipo pogona, bulangeti lamagetsi, limene kawirikawiri silipitirira mawati 150, lidzafunditsa bedi ndi gawo laling'ono la yuniti pa ola. Ndalama zotsalazo mugulire makatani ochindikala, mutseke mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli, ndipo chaka chikakomera, muikitse siling'i m'chipinda chimodzi chokha. Amenewo ndiwo mankhwala enieni a chisanu.

*Kodi pali china choyenera kuchiganizira ife a ku Kabwe, chimene a ku Lusaka kapena ku Chipata sachidera nkhawa?*

Chilipo, ndipo ndi fumbi. Mtovu ndi zinki zinapezeka pano m'chaka cha 1902, pamene malowa anatchedwa Broken Hill, ndipo ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, dothi la madera oyandikana nawo, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, likadali ndi mtovu, umene umavulaza kwambiri ubongo wa ana aang'ono. M'nyengo yachisanu mvula kulibe, fumbi limalowa m'nyumba pa nsapato ndi pa mawindo, ndipo hita ya fani yoikidwa pansi imaliutsa ndi kulizunguza pamene mwana akukwawa. Chifukwa chake, kwa banja la ana aang'ono m'madera amenewa, uphungu wathu ndi wakuti lisankhe hita yopanda fani, ndi kukolopa pansi ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa pouma.

*Kodi mawaya a m'nyumba mwanga adzapirira?*

Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito imasenza maampu 13, ndiko kuti mawati osafika 3,000. Hita ya mawati 2,000 payokha imakoka pafupifupi maampu 9. Mukaiphatikiza ndi ketulo kapena ayironi pa adaputa imodzi, mwapyola muyeso. Ilumikizeni pa soketi ya pakhoma, payokha, osati pa ekisitenshoni yopyapyala yodutsa pansi pa kapeti. Itayaka theka la ola, gwirani pulagi ndi dzanja: ikatentha, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopserera, zimitsani ndi kuitana wodziwa zamagetsi, makamaka inu okhala m'nyumba zakale za mgodi ndi za njanji, zimene mawaya ake ena ndi achikulire kuposa eni nyumba. Ndipo chizolowezi chija cholowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, chimene tonse tinachionapo ngakhale sitichivomera pagulu, pa hita chisayesedwe konse.

*Nanga magetsi akathima?*

Nzodabwitsa kuti tauni imene inamangiridwa damu la Mulungushi kale mu 1925 kuti mgodi wake upeze magetsi, nayonso inagona mumdima m'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Musayembekeze kuti inivheta ndi batire ya sola, zimene zimayatsa mababu ndi wailesi yakanema, zidzanyamula hita. Idzazikhuthula m'kanthawi kochepa. Magetsi akathima, zulani pulagi ya hita nthawi yomweyo, pakuti angabwerenso pakati pa usiku onse ali m'tulo, ndipo ngati wina anayanika thewera kapena yunifolomu ya mwana pa hita yozizirayo, moto udzayamba popanda woona. Ambiri pamenepo amabwerera ku mbaula, ndipo sitiwadzudzula. Koma makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, n'kumaliza ndi tulo tosadzukanso. Otherani mbaula pakhonde kapena zenera lili lotsegula, ndipo itulutseni panja musanagone.

*Ndikafika m'sitolo ndiyang'ane chiyani?*

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi utoto. Pemphani kuti aiyatse inu mukuona. Ipendekeni pang'ono, muone ngati izima yokha, pakuti m'nyumba ya ana hita idzagwa ndithu tsiku lina. Onani kuti chingwe chake n'chochindikala, pulagi ndi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, sefa ya kutsogolo siilola chala cha mwana kulowa, ndipo mawati angathe kuchepetsedwa. Funsani za galanti, ndipo risiti muisunge. Mukafika nayo kunyumba, iikeni pansi posalala, kutali ndi madzi, ndipo pakati pa iyo ndi bedi, makatani kapena mpando pakhale mpata wa mita imodzi.