Phunziro la Omasulira: Kodi Patenti Tiitche Chiyani?

Achinyamata amene mukuphunzira ntchito yomasulira, ndi inu nonse amene mumatanthauzira alendo pa misonkhano ya chitukuko m'mawodi mwathu, tsiku lina mudzakumana ndi mawu akuti patenti. Ambiri amangoti "umwini wa nzeru". Kumasulira kotereku n'kokoma m'khutu, koma kumasocheretsa, pakuti palibe boma limene limapatsa munthu umwini wa ganizo longokhala m'mutu.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ndipo tsinde lake limanena za chinthu chotseguka. Kalekale mafumu a ku Ulaya akapatsa munthu ufulu wapadera, ankalemba kalata yosamata kuti aliyense aiwerenge. Mpaka lero patenti ndi pangano la mtundu womwewo. Wotulukira luso amaulula poyera momwe chipangizo chake chimagwirira ntchito, ndipo boma limaletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake. Chiletsocho chili ndi malire: m'maiko ambiri ndi zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho. Zikatha, lusolo limakhala la aliyense.

Taonani tizingwe tomata tija ta pa nsapato za ana, timene timalira tikamamatulidwa. M'chaka cha 1941, George de Mestral, injiniya wa ku Switzerland, anachita chidwi ndi njere za kuthengo zimene zinakakamira zovala zake ndi ubweya wa galu wake, monga momwe chisoso chimatikakamirira ife pochokera kumunda. Ataziunika anapeza tingowe ting'onoting'ono, ndipo patapita zaka zoyesayesa anapanga nsalu ziwiri zogwirana, ina ya tingowe, ina ya timagoli. Patenti yake inatha m'chaka cha 1978, n'chifukwa chake lero fakitale iliyonse ikhoza kupanga zomatazi. Koma dzina lakuti Velcro likadali ndi eni ake, pakuti ndi chizindikiro cha malonda, chimene chimatetezedwa ndi lamulo lina. Nyimbo ndi mabuku nazo zili ndi lamulo lawolawo, ndipo kuno kwathu a COSOMA amathandiza kuteteza ufulu wa eni ake. Womasulira akazitcha zitatuzi ndi dzina limodzi, mmisiri wa mbaula akagogoda pa khomo la oimba.

Kuti luso lilandire patenti liyenera kukhala latsopano pa dziko lonse, osati m'mudzi mwathu mokha. Lisakhale lodziwikiratu kwa mmisiri aliyense wa ntchitoyo. Ndipo likhale lotheka kuligwiritsa ntchito. Mfundo yoyambayo ndiyo inagwetsa patenti ya mankhwala oteteza mbewu ochokera ku mtengo wa nimu, womwe a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akuudziwa bwino. Ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya inaifafaniza m'chaka cha 2000 umboni utaonetsa kuti ku India njirayo inali kugwiritsidwa ntchito kale.

Mfundo yomweyo ikhoza kupweteka mnansi wanu. Wowotcherera zitsulo amene wapanga makina osendera mtedza a mtundu wachilendo, akawaonetsa pa chionetsero cha zaulimi kapena pa Facebook asanapereke pempho, akhoza kudziphera yekha mwayi, chifukwa lusolo silionedwanso latsopano. Pempho limapita ku nthambi ya boma yolembetsa mapatenti, kapena ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lomwe likulu lake lili ku Harare ndipo Malawi ndi membala. Dziwaninso kuti patenti imagwira ntchito m'maiko okhawo amene yalembetsedwa.

Ine ndikuona kuti pomasulira ndi bwino kulongosola kamodzi kuti "chikalata cha boma choteteza luso latsopano kwa nthawi yoikika", kenako n'kumangoti patenti. Mawu akuti "kwa nthawi yoikika" musawasiye.

Ntchito yanu: fotokozerani agogo anu, m'ziganizo zitatu, kusiyana kwa patenti ndi chizindikiro cha malonda, pogwiritsa ntchito chinthu chimodzi chimene chili m'nyumba mwanu.