Diresi la Mwana wa Mfumu

Kalata inabwera Lachiwiri, itapindidwa kanayi m'thumba la yunifolomu ya mwana wathu wamkazi, amene panthawiyo anali mu giredi 3. Inanena kuti sukulu idzakondwerera tsiku la kuwerenga, ndipo mwana aliyense adzabwere atavala ngati munthu wa m'buku limene amalikonda. Padziko lonse tsikuli limakumbukiridwa pa 8 Seputembala, monga linakhazikitsira bungwe la UNESCO mu 1966, koma poti teremu yachitatu inali itangotsegulidwa kumene, aphunzitsi analikankhira kumapeto kwa mwezi. Tinali ndi masabata awiri.

Mkazi wanga anawerenga kalatayo ataimirira, mthiko uli m'manja. "Seputembala ino, bambo?" Sananenenso china. Aliyense wokhala ku Lundazi akudziwa chimene funso limenelo likutanthauza. Ndalama za nsawa ndi soya zimene timagulitsa tikangokolola zimakhala zikupita kumapeto, ndipo kangachepe kamene katsala kamakhala ka feteleza, chifukwa mvula ya Novembala sidikira munthu. Ine ndinayankha kuti mwana wanga sangapite kusukulu ngati wamasiye anzake atatchena. Mawu amenewo ndimawakumbukira bwino, chifukwa ponena ndinkaganiza za maso a makolo anzanga. Za mwanayo ndinaganiza pang'ono chabe.

Loweruka ndinalawirira kumsika pomwe amatsegula mabelo a salaula. Ndinafukula mulu wa zovala za ana mpaka ndinapeza diresi la pinki, la neti m'munsi, lonyezimira pachifuwa. Linali lalikulu, choncho telala analibweza m'chiuno. Ndinawonjezera nsapato zoyera, sokosi ndi kachisoti kachifumu kapulasitiki. Powerengera zonse madzulo, zinatsala pang'ono kufika pa K400 imene mlimi amapereka kuti alandire feteleza ndi mbewu za FISP. Buku lenileni la nthanoyo sindinagule. Sindinafunse n'komwe ngati mwanayo analionapo. Iye anangoti akufuna kukhala mwana wa mfumu, Cinderella, ine n'kuvomera.

Masabata awiri amenewo nkhani inali yomweyi kuchigayo, kumjigo ndi pakhomo la tchalitchi. Makolo sanagawikane mbali ziwiri zooneka ayi. Munthu mmodzi yemweyo ankadandaula m'mawa, madzulo n'kumupeza kwa telala. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza kuti pamene boma linachotsa fizi mu Januwale 2022, kuyambira sukulu zamkaka mpaka giredi 12, anaganiza kuti wapuma, koma ndalama inangopeza khomo lina lotulukira: lero tsiku lovala zakunyumba, mawa lovala ngati nesi kapena wapolisi, mkuja la chikhalidwe. Atamaliza kudandaula anatulutsa kansalu koyera kamene anagulira mwana wake n'kundionetsa, nkhope ili ngwee. Mkulu wina wa mpingo anati wake sapita chifukwa wamva kuti ena adzabisa nkhope ndi zigoba. Ine amene ndinakulira kwa a Mwase ndinamumvetsa, pakuti kwathu kuphimba nkhope n'kusanduka chinthu china si masewera a ana. Ndiye panali ena amene sananene kanthu. Amenewo ndi amene ana awo sanaoneke kusukulu tsikulo.

Tsikulo linali lokoma, ndisaname. Bwalo analisesa, anathira madzi kuti fumbi ligone, mipando ya makolo ili pansi pa mitengo. Panali a Spider-Man atatu, madokotala, mfumu ya Chingoni yovala kachikopa. Panalinso kamnyamata kamene mayi ake anakadulira makutu a kalulu pa katoni, n'kukamangira thonje kumbuyo ngati mchira. Kanasimba nthano ya kalulu ndi njovu, kakusakaniza Chinyanja ndi Chitumbuka, ndipo anthu anaseka mpaka misozi. Kenako anaitana mwana wanga. Anaimirira kutsogolo, buku la mphunzitsi lili chotsegula m'manja, n'kunena ziganizo zitatu za Chingerezi osaphunthwa ngakhale pamodzi. Amayi anaimba nthungululu. Mphoto ya wovala bwino inali yake.

Pobwerera ndinamutengera ku Castle, hotela ija yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene DC wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pafupi ndi damu. Ndinamujambula pa foni ataima patsogolo pa makoma a njerwa aja, chisoti chili kumutu. Chithunzicho chinafika kwa abale a ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Mzimba dzuwa lisanalowe.

Lamlungu apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi. Ataona chithunzi anasangalala, napempha mdzukulu wawo kuti awawerengere monga anachitira kusukulu. Buku lija mphunzitsi anali atam'bwereka. Mwanayo anatsegula n'kunena ziganizo zitatu zija bwinobwino. Ine ndinali kumbuyo kwake, ndipo ndinaona kuti tsamba limene watsegula si limene lili ndi mawu amenewo. Ndinatembenuza tsamba lina n'kuti, "Pitiriza, mama." Ananenanso ziganizo zomwezija. Maso ake anali pachithunzi, pamalembo sankayang'anapo. Ndinatenga pepala la shuga, ndinalemba kumbuyo kwake mawu amodzi okha, "madzi", n'kumupatsa. Analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka. Kenako anati chapansipansi, m'chinenero cha mayi ake, "Adada, nkhumanya yayi."

M'nyumba munangoti zii. Ine thupi lonse linazizira.

Zaka zitatu ndinkagula yunifolomu, nsapato, makope ndi mapensulo. Ndinkasaina malipoti a kumapeto kwa teremu nditaima pa kauntala ya kagolosale kanga, maso ali pa makasitomala. Koma kukhala pansi ngakhale tsiku limodzi kuti ndimve mwana wanga akuwerenga, sindinachitepo. M'nyumba mwathu munali mabuku atatu okha: Baibulo, buku la nyimbo ndi buku la ngongole za pagolosale. Ndinkaganiza kuti kuwerenga ndi ntchito ya kusukulu, yanga ndi kulipira. Ndipo tsiku limodzi limene likanandionetsa choona, ine ndinaliphimba ndi neti ya pinki.

Lolemba ndinapita kukaonana ndi mphunzitsi wake. Ndinapita ndi mkwiyo, koma unaphwa ndisanakhale n'komwe pansi. M'kalasimo munali ana oposa 80, ena anayi pa desiki imodzi, ena pansi, buku limodzi likuzungulira mitu isanu. Fizi itachotsedwa ana anadzaza masukulu, chimene ndi chinthu chabwino, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, m'chipinda chimenecho munali mphunzitsi mmodzi yekha. Mayiyo sanabise kanthu. Anati ziganizo zija anawaloweza ana pamtima chifukwa kunali kubwera makolo, ndipo sanafune kuti mwana aliyense achite manyazi pagulu. Anatinso ankadziwa kuti wanga sakuwerenga, ndipo anali ataitanitsapo makolo kawiri. Ndinakumbukira. Maulendo onse awiri ndinati ndatanganidwa.

Kenako anandionetsa chinthu chimene sindinachiganizirepo. Anatsegula buku la Chinyanja pa tsamba la chithunzi cha galu, n'kuitana kamtsikana kena. "Ichi n'chiyani?" Kanayankha msanga, "Ntchewe." Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti "galu". Mwana amaphunzira kuwerenga polumikiza chimene akuona ndi chimene amanena. Tsono ngati pakamwa pake pali "maji" pomwe pabolodi pali "madzi", pakamwa "somba" pabolodi "nsomba", ulendo wake umatalika kuposa wa mnzake wa ku Katete kapena ku Chadiza amene amapeza m'buku mawu omwe amamva kunyumba. Kuyambira mu 2014 boma linakonza zoti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zosankhidwa, ndipo kuno kum'mawa chinenero chake chinali Chinyanja. Chitumbuka, chimene chimalankhulidwa m'makomo ambiri a ku Lundazi ndi ku Chasefu, sichinali pa mndandandawo. Mwana wanga ankalota m'Chitumbuka, ankalemberedwa Chinyanja pabolodi, ndipo pa tsiku la chikondwerero tinamuimika pagulu kuti anene Chingerezi. Ine Mchewa, amene ndikanamuthandiza Chinyanjacho kwaulere madzulo aliwonse, ndinali kalikiliki kusankha diresi.

Sanali yekha. Kafukufuku wa PISA for Development, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa ophunzira 100 aliwonse a zaka 15 mu Zambia, 5 okha ndi amene anafika pa mlingo wochepetsetsa womvetsa zimene akuwerenga. Ana amenewo si a kutali. Ndi omwe timawaona m'mawa uliwonse atanyamula zikwama, ovala bwino, ndipo makolo awo, ngati ine, amagona mtima uli m'malo.

Mwambo wovala ngati anthu a m'mabuku ndi wotchuka ku Britain, kumene World Book Day imachitika Lachinayi loyamba la Malichi. Nakonso makolo ambiri amadandaula za mtengo wa zovala. Koma pali chinthu chimodzi chimene chinatsalira m'njira pamene mwambowu unkafika kwathu: kumeneko ana amapatsidwa kakhadi kamene amakasinthitsa ndi buku lenileni, lawolawo, lopita nalo kunyumba. Ife tinatola chovala, buku tinalisiya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo bwalo losesedwa lija, nthungululu zija ndi chithunzi cha pa Castle zinali mkuyu wotero.

Inu amene kalata yotere yafika kwanu, musanapite ku salaula muitaneni mwanayo. Tsegulani tsamba limene sanalionepo, phimbani chithunzi ndi chikhatho chanu, mumuuze awerenge mzere umodzi wokha. Musamuthandize, musamukalipire, ingomverani. Zimatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Ine ndikanachita zimenezi mu giredi 1, mwana wanga sakanataya zaka ziwiri akubisala pakati pa anzake, akugwedeza milomo pamene ena akuwerenga. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti iye ankadziwa. Kamwana ka zaka zisanu ndi zitatu kanasenza chinsinsi chimenecho kokha, kakuopa kundikhumudwitsa.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ndinapempha kuti mphoto isamakhale ya wovala bwino, komanso kuti mwana wobwera ndi yunifolomu yake azilandiridwa chimodzimodzi. Ndinanenanso kuti ndalama zimene timathera pa zovala tikanasonkha, kalasi iliyonse ikanakhala ndi kabokosi ka mabuku. Ena anagwirizana nane. Mayi wina anaimirira n'kuti ana athu masiku osangalala ndi ochepa, tisawalande limeneli. Sindinamutsutse, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene ana ankasekera tsiku lija, ndipo kamnyamata ka makutu a katoni kanandiphunzitsa kuti chisangalalocho sichifuna K400. Nkhaniyo sinathe bwinobwino. Anagwirizana za mphoto, za kabokosi anati tidzakambirananso.

Kunyumba tinayamba kuchokera pansi penipeni. Mphunzitsi anamulowetsa m'maphunziro a Catch Up, amene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuyesa mu 2016, momwe ana a giredi 3 mpaka 5 amaikidwa m'magulu potengera pamene afika pa kuwerenga, osati kalasi imene ali. Wanga anayambira gulu la malembo. Madzulo ndinkatseka golosale msanga. Tinkalemba ndi khala pasimenti ya pakhonde, ba be bi bo bu, ndipo mayi ake analemba malembo m'kati mwa zitsekerero za mabotolo kuti aziwasanja. Ovuta anali ophatikiza aja, nkh, mph, ndz. Masiku ena ankalira, masiku ena ine ndi amene ndinkatopa n'kukweza mawu, mkazi wanga n'kundiuza kuti ndikapume kaye panja. Tinkawerenga chilichonse chimene chili ndi malembo: pepala la sopo, thumba la feteleza, chikwangwani cha pachigayo. Ndalama ya FISP chaka chimenecho ndinachita kukongola kwa alamu anga, ndipo ndinabweza nditakolola.

Seputembala yotsatira kalata inabweranso, yopindidwa kanayi ngati kale, ulendo uno yolembedwa m'Chinyanja. Diresi lija linali litamuchepera, ndipo mayi ake anali atapereka kale kwa mwana wa oyandikana nawo, mmodzi wa aja anakhala kunyumba chaka chatha. Mwanayo sanaipereke kalatayo kwa mayi ake. Anakhala pamphasa, anaifunyulula, n'kuika chala pansi pa mzere woyamba. Anayenda pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, mpaka anafika pa mawu akuti "kukondwerera". Pamenepo anaima. Anayamba kuwadula, "ku... ko... ndwe...", n'kubwereranso poyamba. Mlongo wake wamkulu anatsegula pakamwa kuti amuuze, koma mkazi wanga anamugwira dzanja.