Seva Yakana Kudzuka Itaikidwa Disiki Yatsopano

Zikomo kwambiri bambo athu a ku Zomba chifukwa cha kalata yanu. Mwati chiikireni disiki yatsopano ya NVMe m'kompyuta imene mumasungiramo zithunzi ndi mafayilo a banja, makinawo akumayaka koma Linux sakutseguka. Mtima pansi, bambo, nthawi zambiri zinthu zanu zimakhala zilimobe.

Choyamba, zimitsani makinawo, muzule chingwe cha magetsi, kenako muchotse disiki yatsopanoyo. Akadzuka bwinobwino, gwero la vuto mwalipeza. Ibwezereni, ndipo poyatsa dinani Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS. Onani ngati disiki yakale ikadali pamwamba pa mndandanda wa ma disiki oyatsira makinawo, poti yatsopano imatha kuilanda malo.

Werenganinso kabuku ka motherboard yanu. Pa ma motherboard ena, mukaika disiki pa M.2, mabowo ena a SATA amasiya kugwira ntchito. Zikatero, samutsirani chingwe cha disiki yakale pa bowo lina. Koma dziwani kuti mukatero, dzina la disiki ngati sda limatha kusanduka sdb, choncho mu fayilo ya fstab lembani UUID m'malo mwa mayina amenewa.

Chonde bambo, musafomate disiki iliyonse musanakopere mafayilo anu kwina. Mutilemberenso kutiuza mmene zayendera.