PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KODI MANKHWALA OZUNGUZA BONGO AMAPATSA MUNTHU LUSO?

Pa misika ya ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete mumamveka anyamata akunena kuti chamba chimatsegula mutu, kuti wosuta amayimba bwino ndi kupeka nkhani zokoma. Tiyeni tiwayese mawu ameneŵa poona moyo wa mlembi wina wa ku America, Philip K. Dick.

Dick anabadwa mu 1928. Ankalemba nthano zopeka za sayansi, zosimba za dziko la m'tsogolo ndi makina amene sanapangidwe. Kwathu kuno nthano ya mtundu umenewu ndi Azotus the Kingdom, imene Shadreck Chikoti anatulutsa mu 2015.

Kwa zaka zambiri Dick ankamwa mapiritsi a amphetamine, amene amathamangitsa tulo, kuti azilemba msanga ndi kupeza ndalama. Mkazi wake atamuchokera mu 1970, nyumba yake ku California inasanduka pobwalo pa achinyamata omwa mankhwala. Mu 1972 anafuna kudzipha, ndipo analoŵa m'nyumba yothandiza anthu oterewa yotchedwa X-Kalay ku Vancouver, m'dziko la Canada.

Mu 1977 anatulutsa buku lotchedwa A Scanner Darkly. Limasimba za wapolisi, Bob Arctor, wotumidwa kukazonda omwa mankhwala. Iyenso ayamba kumwa, bongo uwonongeka, mpaka afika pozonda iye mwini osazindikira. Mankhwala a m'bukumo ndi opeka, koma zizindikiro zake ndi zenizeni, zimene a zaumoyo amazidziŵa:

1. Kumva ngati tizirombo tikuyenda pa khungu. Bukuli limayamba ndi munthu wosamba kosalekeza pofuna kuchotsa tizirombo tomwe palibe.
2. Kukayikira aliyense, ngakhale abwenzi a m'nyumba imodzi.
3. Kuiŵalaiŵala ndi kulephera ntchito zapafupi.

Taonani mfundo yaikulu. Mwini wake ananena kuti ili linali buku loyamba kulilemba lonse popanda mapiritsi aja. Mankhwala anamuonetsa mavuto. Luso lowalongosola bwino linafuna mutu wabwinobwino. Kumapeto kwa bukuli analemba mayina a anzake amene anafa kapena kupenga, ndipo iyenso anadziikapo, chifukwa kapamba wake anawonongekeratu. Anzakewo anamwa mankhwala omwewo, koma sanasanduke alembi. Dick anamwalira mu 1982 ndi matenda a sitiroko ali ndi zaka 53 zokha.

Chamba ndi amphetamine n'zosiyana, koma zonse ziŵiri zikhoza kuyambitsa misala, makamaka mwa munthu woyamba ali wamng'ono ndi wosuta tsiku ndi tsiku. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo a chiphaso, kusuta n'koletsedwabe.

Makolo ndi aphunzitsi, mukaona mwana akulankhula yekha, sakugona, kapena wasiya kusamba, musammange ndi zingwe kapena kunena kuti walodzedwa. Pitani naye msanga kuchipatala chapafupi, monga cha Kabudula, Nambuma kapena St Gabriel ku Namitete. Kukafunika, adzamtumiza kwa odziŵa za matenda a maganizo ku Lilongwe kapena ku Zomba. Mmera mpoyamba.

Mafunso okambirana:
(a) Kodi n'chiyani chinachititsa kuti buku la Dick limveke loona?
(b) Mungamuyankhe bwanji mnzanu wonena kuti chamba chimathandiza pa mayeso?