Phunziro la Mwezi Uno: Kagwiritsidwe Ntchito Koyenera ka Kondomu

Boma la Mchinji lili pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Chipata. Tsiku ndi tsiku pa malire a Mwami pamadutsa oyendetsa magalimoto a katundu, amalonda, ndiponso anthu okaona abale awo tsidya lina. Matenda opatsirana pogonana nawonso amayenda ndi anthu, ndipo safuna chiphaso podutsa malire. Chotero n'kofunika kuti bambo ndi mayi aliyense adziwe kudziteteza.

Boma lidayambitsa ntchito ya kulera m'zipatala mu 1982, ndipo munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno adadziwika mu 1985. Mwa njira zonse za kulera, kondomu yokha, kaya ya abambo kaya ya amayi, ndiyo imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuletsa mimba ndi kutchinga kachilombo ka HIV, chinzonono ndi matenda ena otere. Mapiritsi, jakisoni ndi lupu zimaletsa mimba yokha.

Koma kondomu imateteza malinga ndi m'mene yagwiritsidwira ntchito. Mwa mabanja 100 oigwiritsa ntchito molondola nthawi zonse kwa chaka chathunthu, amayi 2 okha ndiwo amaima. Mwa mabanja 100 amene nthawi zina amaiwala kapena kulakwitsa, amayi pafupifupi 13 amaima. Motero tsatirani malangizo awa:

1. Onani tsiku lotha ntchito lolembedwa pa paketi. Ngati ladutsa, kapena paketiyo ndi yobooka, itayeni.

2. Ng'ambani paketi ndi zala cha m'mbali. Musagwiritse ntchito mano, lumo kapena mpeni.

3. Valani kondomu chida cha abambo chikatota, matupi asanakhudzane, chifukwa timadzi totsogola tingathe kupereka mimba kapena matenda.

4. Tsinani kansonga kuti mpweya utuluke ndi kuti umuna upeze malo, kenaka funyululani mpaka kutsinde. Ikakana kufunyuluka ndiye kuti mwaitembenuza, tengani ina.

5. Musapake Vaseline, mafuta odzola kapena ophikira, pakuti mafuta amafoola mpira ndipo umang'ambika. Musavalenso makondomu awiri pamodzi, chifukwa amakhulana.

6. Mukatha, gwirani kutsinde ndi kutuluka chida chisanafooke. Imangeni, muikulunge, ndi kuiponya m'chimbudzi chokumba, kumene ana sangaitole. Kondomu imodzi ndi ya ulendo umodzi basi.

Pa kasungidwe, kumbukirani kuti kutentha kumaononga mpira. Musaike makondomu padzuwa, pafupi ndi moto, kapena m'thumba la kumbuyo kwa buluku kwa masiku ambiri.

Nanga ikang'ambika? Musachite manyazi kapena kudikira. Fulumirani ku chipatala chapafupi, kaya ku Mkanda, ku Kochilira kapena ku chipatala chachikulu pa boma. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi olera a pangozi amwedwe pasanathe masiku 5. Mukafulumira, m'pamene amathandiza kwambiri.

Ena amati kondomu ikhoza kusochera m'mimba mwa mayi. Zimenezi si zoona, pakuti khomo la chiberekero ndi laling'ono kwambiri ndipo kondomu singadutsepo. Enanso amati wotchula kondomu m'banja ndiye kuti ali ndi chibwenzi. Kunena zoona, bambo ndi mayi okambirana nkhaniyi momasuka akusamalira miyoyo yawo ndi ya ana awo.

Dziwaninso kuti chilonda cha chindoko chikakhala pamalo pamene kondomu sikuphimba, matendawo angathe kufala. Mukaona chilonda, mafinya kapena kumva kupweteka pokodza, pitani ku chipatala nonse awiri, pakuti mmodzi yekha akalandira mankhwala, mnzakeyo adzampatsiranso.

Makondomu amaperekedwa ulere m'zipatala za boma ndiponso kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu. Pemphani mlangizi akuonetseni kavalidwe kake musanabwerere kunyumba.