Chimfine cha Mungu: Malangizo kwa Makolo

Pamene chimanga chamasula ngayaye m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndiponso pamene udzu wa tsekera ndi nsenjere ukhwima mvula ikamatha, pamakhala ana ena amene, ngakhale adya bwino nagona pofunda, amadzuka akuyetsemula kosalekeza, mamina oyera ngati madzi akuchucha, maso ali psuu. Makolo ambiri amathamangira kukagula Bactrim kapena amoxicillin. Koma mankhwala amenewo ntchito yake n'kupha tizilombo, ndipo pano kachilombo palibe. Chovutitsa mwanayo ndi mungu, ufa wosalala wa maluwa umene mphepo imauulutsa, umene thupi lake, pouyesa mdani, limalimbana nawo potulutsa histamine, wotupitsa m'mphuno ndi kuyabwitsa maso.

Choyamba, dekhani ndi kupenyetsetsa, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimfine wamba chimatha pa sabata imodzi kapena masiku 10; cha mungu chimakhala milungu yambiri, chimabwerera nyengo yomweyo chaka ndi chaka, chimakonda kutsata mtundu, ndipo sichitenthetsa thupi. Thupi likatentha, musatchulenso mungu: kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo. Lembani mwezi umene vuto layamba ndi malo amene mwana anasewera, kuti chaka chamawa chikupezeni muli okonzeka. Ambiri amaloza chala jakaranda pamene wayanga maluwa mu Okutobala, koma mungu wake ndi wolemera, wonyamulidwa ndi njuchi. Wa udzu ndi chimanga ndiwo uyenda ndi mphepo, ndipo fumbi la chilimwe ndi utsi wa lupsa zimangokolezera moto woyaka kale.

Mukazindikira nyengo yake, tchingirizani mwanayo. Akabwera kusukulu kapena kumunda, asambe kumaso, m'manja ndi kumutu, asinthenso zovala asanagone. Zofunda zake musaziyanike pa udzu monga tizolowera, popeza potero timamuyalira mungu pamphasa ndi manja athu omwe. Ziyanikeni pa chingwe, ndipo muzikutumule musanazilowetse. Tsiku la mphepo tsekani mazenera a kumene amagona, wazani madzi pabwalo musanasese, ndipo asakhalitse mu utsi wa kukhitchini.

Potsuka m'mphuno, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu imodzi ya madzi owiritsa amene azizira, nimudonthezere madontho ochepa m'mawa ndi madzulo. Pa maso ikani kansalu koyera konyowetsa ndi madzi ozizira. Apa ndiye ndichonderera ndi mtima wonse: m'diso la mwana musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena masamba ofinya, ndipo mankhwala a m'maso okhala ndi steroid musawagule popanda dokotala, chifukwa akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali angathe kuwononga maso mpaka khungu.

Zimenezi zikapanda kukwanira, pitani kuchipatala; safunsa anadya phula. Cetirizine ndi loratadine amathandiza ana ambiri, ndipo sagonetsa kwenikweni. Piriton, amene apezeka paliponse, amabweretsa tulo, kotero kuti mwana amaodzera m'kalasi natchedwa waulesi, ali wosalakwa. Mlingo wake auone ndi dokotala molingana ndi msinkhu, ndipo wosakwana zaka 2 musamupatse kanthu mwa nzeru zanu zokha.

Koma dziwani kuti chimfine chimenechi ndi mphumu n'zapachibale. Mwana akamatsokomola usiku, pachifuwa pakamalira ngati kaweruweru, nthiti zikamalowa m'kati popuma, kapena akamalephera kutsiriza mawu chifukwa cha befu, mupatseni mankhwala ake opopera a salbutamol ngati ali nawo, ndipo mubelekeni kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musadikire kuti kuche.